Insert, Send, Bus Kapena Freeze: Ma Plugin Tiziwaika Pati Kuti Laputopu Isatsamwe?

Nyimbo ya kwaya yojambulidwa mu situdiyo yaing'ono ku Chibavi, ku Luwinga kapena ku Mchengautuwa sichedwa kufika matchanelo (mizere ya mawu mu pulogalamu yojambulira) 24 kapena 30. Pali wotsogolera, sopulano, aluto, tena ndi besi, mbali iliyonse yojambulidwa kawiri kapena katatu kuti imveke yodzaza, kenako kiyibodi, gitala, besi gitala ndi ng'oma zogawidwa payokhapayokha. Munthu akaika EQ (yokweza kapena kudula mbali za mawu), compressor (yopanikiza mawu okwera kuti ayandikane ndi otsika) ndi reverb (yomveketsa mawu ngati ali m'chipinda chachikulu) pa tchanelo chilichonse, ndiye kuti ma plugin 90, timapulogalamu tokonza mawu ngati timeneti, akugwira ntchito nthawi imodzi pa laputopu ya RAM ya 4 GB kapena 8 GB. Nyimbo imayamba kuthetheka ndi kudukiza, ndipo ambiri amafulumira kunena kuti makina achepa mphamvu. Nthawi zambiri makinawo akanakwanitsa ntchitoyo bwinobwino ma plugin aja akanaikidwa m'malo oyenera.

Malo oika plugin alipo angapo, ndipo aliwonse ali ndi ntchito imene amaitha ndi imene amaiwononga.

Insert

Plugin yoikidwa pa insert ili ngati sefa ya ufa: chilichonse cha pa tchanelocho chimadutsamo, palibe cholambalala. N'chifukwa chake apa ndi pokhala zokonza mawu a munthu mmodzi kapena chida chimodzi, monga EQ, compressor, de-esser (yofewetsa "s" wobaya m'khutu), gate (yotseka tchanelo pakakhala chete) ndi zowongola mawu osemphana ndi kiyi ngati Auto-Tune.

Malo ake ndi owerengeka, ndipo pulogalamu iliyonse yojambulira nyimbo ili ndi nambala yake. FL Studio imapereka 10 pa tchanelo chilichonse cha mixer. Pro Tools nayonso ndi 10, kuyambira A mpaka J. Logic Pro ndi 15. Cubase Pro ili ndi 16 kuyambira pa 9.5, koma amene akugwiritsabe ntchito Cubase 5 ali ndi 8 okha, ndipo adziwe kuti awiri omalizirawo, wa 7 ndi wa 8, amabwera mawu atadutsa kale pa fader, chokwezera ndi kutsitsira voliyumu ya tchanelo. Compressor ikaikidwa pa malo awiri amenewa, nthawi iliyonse mukakweza kapena kutsitsa fader nayo imasintha kapanikizidwe kake, ndiye mumangodabwa kuti mawu sakukhazikika. Malo amenewo ndi a limiter (yoletsa mawu kupyola msinkhu woikika) kapena mita yoyezera msinkhu wa mawu. Reaper ilibe malire, zomwe zimakometsa komanso zimanyenga. Kunena zoona, tchanelo cha mawu chikadutsa ma plugin 5 kapena 6, kawirikawiri ndiye kuti ena akungokonza zimene anzawo awononga.

Mawu amayenda kuchokera pa plugin ya pamwamba kutsikira pansi, choncho kasanjidwe kake kamasintha zotuluka. Pa wotsogolera nyimbo, chowongola kiyi chikhale poyamba, chifukwa chimafuna kumva mawu oyera asanakhudzidwe. Kenako EQ yochotsa zoipa: high-pass (yodula mawu a pansi) pa 80 mpaka 100 Hz kwa mwamuna, 100 mpaka 120 Hz kwa mayi, ndi kutsitsa 2 kapena 3 dB penapake pakati pa 250 ndi 400 Hz ngati kachipinda kakang'ono kapangitsa mawu kumveka otsekeka. Compressor itsatire, pa ratio (mphamvu ya kapanikizidwe) ya 3:1 kapena 4:1, ikupanikiza 3 mpaka 6 dB basi. Mukaika compressor EQ isanadule za pansi, mphepo ya "p" ndi "b" yomenya maiki ndi imene imaidzutsa, ndipo mawu onse amagwa pa liwu lililonse lotere. De-esser, imene imagwira pakati pa 5 ndi 8 kHz, ambiri amaiika compressor itadutsa, popeza compressor ndiyo imakweza "s", "ts" ndi "tch".

Magetsi athu kuno ndi a 50 Hz. Waya wa gitala ukakhala wosatetezedwa bwino, kapena chaja ya laputopu ikalowetsa phokoso, kung'ung'uza kwake kumakhala pa 50 Hz ndi ana ake pa 100 ndi 150 Hz. Ma preset (makonzedwe a plugin osungidwa kale) ena ochotsa phokosoli anakonzedwera maiko a 60 Hz monga America, ndiye amadula pamalo polakwika. Muone nambala musanakhulupirire preset. Za mvula yogunda malata, imene kuno imakhalitsa mpaka mu Epulo, musadalire gate. Gate imatseka tchanelo woimba akakhala chete, koma akangotsegula pakamwa mvula ija imalowa naye limodzi, ndipo kulowa ndi kutuluka kwakeko kumamveka koipa kuposa phokoso losalekeza. Kudikira mvula ikate kumaposa plugin iliyonse.

China chimene chimaiwalika ndi msinkhu wa mawu polowa. Mkati mwa mapulogalamu a masiku ano mawu amawerengedwa pa 32-bit float kapena kuposa, ndiye tchanelo chimatha kufiira osasweka mpaka chikafike pa master, tchanelo chomaliza chimene matchanelo onse amathiramo. Koma ma plugin otsanzira zida zakale za analog ambiri anapangidwa kuti azilandira mawu a pafupifupi -18 dBFS. Mukawapatsa mawu ogunda pa -1, amawatentha. Tsitsani gain (voliyumu yolowera) ya clip, kachidutswa ka mawu ojambulidwako, kapena ikani plugin ya voliyumu ngati Fruity Balance pa malo oyamba. Kutsitsa fader sikuthandiza apa, chifukwa fader ili kutsogolo, ma insert atadutsa kale.

Send

Reverb ndi delay (yobwereza mawu) sizikonza mawu, zimangowonjezerapo malo oti amvekere. Ndiye palibe chifukwa choti tchanelo chilichonse chikhale ndi yake. Mumatsegula tchanelo chimodzi chapadera, kuikapo reverb, n'kumatumizako kagawo ka mawu kuchokera kwa aliyense woifuna. Cubase imati FX Channel, Ableton Live imati Return, Pro Tools imati Aux Input, pamene mu FL Studio tchanelo chilichonse cha mixer chingathe kugwira ntchitoyi: musankhe tchanelo cha mawu, mudinde kamuvi ka pansi pa tchanelo cha reverb, ndipo kamkombero koyezera kuchuluka kwake kamatulukira pomwepo.

Phindu loyamba ndi loonekeratu. Reverb ndi imodzi mwa ma plugin odya kwambiri mphamvu ya kompyuta, ndipo imodzi m'malo mwa 20 imapumitsa laputopu nthawi yomweyo. Phindu lachiwiri ndi limene ife timalitenga kukhala lalikulu: kwaya yonse ikalowa mu reverb imodzi, imamveka ngati anthu oima m'tchalitchi chimodzi. Aliyense akakhala ndi yake, ngakhale preset ikhale yofanana, pamapeto wina mumamukweza, wina mumamusintha, ndipo gulu limamveka lomwazikana.

Zolakwika za apa ndi zodziwika. Reverb ya pa send iyenera kukhala 100% wet, kutanthauza kuti izitulutsa reverb yokha popanda mawu enieni (dry). Pa Fruity Reeverb 2 ndiye kuti DRY atsikire pansi penipeni. Mukaisiya ili ndi dry, mawu enieni amafika pa master kawiri, ndipo kukweza send kumangokweza voliyumu. Chachiwiri, reverb nayo imafuna EQ yake. Ikani EQ pa tchanelo chomwecho, mudule pansi pa 200 kapena 300 Hz ndi pamwamba pa 7 kapena 8 kHz. Popanda kutero, amuna a besi ndi dzanja lamanzere la kiyibodi amadzaza reverb ndi matope, ndipo pa sipika ya foni kapena mu minibasi mawu a nyimbo samveka zimene akunena. Pre-delay (kanthawi kodikira reverb isanayambe) ya 20 mpaka 40 ms imathandiza kuti liwu liyambe lamveka reverb isanalikute.

Delay iyende ndi liwiro la nyimbo. Ngati plugin ilibe batani la sync, gawani 60,000 ndi BPM, kuchuluka kwa kugunda pa mphindi imodzi. Pa 100 BPM, kugunda kumodzi ndi 600 ms, theka lake 300 ms.

Send imatha kukhala post-fader (yotenga mawu atadutsa fader) kapena pre-fader (yowatenga asanadutse fader). Pomikisa, post-fader ndiyo yoyenera pafupifupi nthawi zonse, kuti mukatsitsa woimba reverb yake itsike naye. Pre-fader ndi ya mahedifoni a woimba pojambula, kapena pamene mukufuna kuti mawu azimiririke n'kutsala reverb yokha kumapeto kwa nyimbo. Mu Cubase ndi Reaper mumangosintha pa send pomwepo. Mu FL Studio ma send wamba amatenga mawu atadutsa fader, ndiye wofuna pre-fader aike Fruity Send pa malo amodzi a insert.

Reverb pa insert siyoletsedwa. Ngati ndi mbali ya kamvekedwe ka chida chimodzi, monga spring reverb ya gitala yotsogolera, ikhale pomwepo.

Bus

Apa matchanelo angapo amathira mawu awo onse m'tchanelo chimodzi asanapite ku master. Kusiyana kwake ndi send n'koti palibe kagawo, chilichonse chimapita. Ma sopulano 3, ma aluto 3, ma tena 3 ndi ma besi 3 angathe kulowa m'ma bus 4, ndipo anayiwo n'kulowanso mu bus imodzi ya kwaya yonse. EQ imodzi pa bus ya aluto imagwira ntchito ya zitatu, ndipo m'busa kapena mtsogoleri wa kwaya akati "ovomerawa achepa", mumakweza fader imodzi m'malo mwa 12.

Mu FL Studio muli msampha umene umagwira anthu ambiri. Mukangodinda kamuvi kotumiza ku bus, tchanelocho chimapitabe ku master monga kale, ndiye mawu akuyenda njira ziwiri. Akakumana amakwera ndi 6 dB, ndipo ngati njira imodzi yachedwa pang'ono amamveka opyapyala ngati akutuluka m'paipi. Dinani kamuviko ndi batani lamanja la mausi n'kusankha "Route to this track only". Mu Cubase vutoli silibwera kawirikawiri, chifukwa kusankha Group Channel ngati potulukira kumachotsa njira yakale.

Pali zinthu zimene bus singathe. Auto-Tune imamva liwu limodzi pa nthawi, choncho pa bus ya anthu oimba mbali zosiyana imangosokonezeka. De-esser ya pa bus imatsitsa gulu lonse chifukwa cha "s" wa munthu mmodzi. Compressor nayonso imamvera wofuula kwambiri: mayi mmodzi wa sopulano akakweza mawu, anzake onse amamira. Choncho wosiyana ndi anzake mukonzeni pa tchanelo chake, ndipo compressor ya pa bus ikhale yofatsa, ratio ya 2:1, attack (nthawi imene imatenga kuti ipanikize) ya 10 mpaka 30 ms, ikupanikiza 1 mpaka 3 dB. Ntchito yake ndi kumata gulu pamodzi basi.

Pa nyimbo za amapiano ndi afro, pamene log drum ndi kick zimalimbirana malo a pansi, njira ndi sidechain, imene imatsitsa log drum nthawi iliyonse kick ikagunda. Mu FL Studio musankhe tchanelo cha kick, mudinde kamuvi ka pansi pa tchanelo cha log drum ndi batani lamanja, musankhe "Sidechain to this track", kenako pa Fruity Limiter mupite ku COMP n'kuuza kabokosi ka sidechain kuti kamvere kick ija.

Channel strip kapena ma plugin osiyanasiyana

Channel strip imaika filter, EQ, compressor ndi gate pa windo limodzi. Zambiri zimatsanzira mixer ya SSL 4000 E imene inatuluka mu 1979, ndipo Waves ndi Brainworx ali ndi zawo. Cubase, kuyambira pa 7, ili nayo kale pa tchanelo chilichonse, ndipo mungasankhe kuti ibwere ma insert asanayambe kapena atatha. Pa nyimbo ya matchanelo ambiri ofanana, strip imapambana: windo ndi limodzi, manja amazolowera, ndipo pa sikirini ya mainchesi 14 simukhalira kutsegula ndi kutseka mawindo. Imaperewera pofuna kudula kaphokoso kopyapyala, monga kulira kwa chipinda pa malo amodzi. Pamenepo EQ yoonetsa chithunzi cha mawu ngati Fruity Parametric EQ 2, kapena TDR Nova imene ndi yaulere, ndi imene imafika. Ife tingati strip pa ovomera ndi zida, ma plugin osankhidwa bwino pa wotsogolera yekha.

A FL Studio asaiwale kuti tchanelo chilichonse chili ndi EQ ya magawo atatu kumanja kwa mixer. Imabwera ma insert atatha, ndiye ndi yokometsera pomaliza, osati yoyeretsa mawu asanalowe mu compressor.

Bypass, kuzimitsa ndi freeze

Apa ndi pamene mapulogalamu amasiyana kwambiri, ndipo anthu amataya nthawi podinda batani limene silipeputsa chilichonse.

Mu Cubase, bypass imalambalalitsa mawu koma plugin imagwirabe ntchito kumbuyo, n'cholinga choti muziyerekeza popanda kuthetheka. Kuti ileke kudya mphamvu, gwirani Alt n'kudinda batani lomwelo la bypass, izime. Mu Pro Tools n'chimodzimodzi: Ctrl ndi kudinda ndi bypass chabe, pamene Ctrl, Start (batani la Windows) ndi kudinda kumaichititsa inactive, ndipo pamenepo ndiye imamasula mphamvu. Reaper ili ndi bypass komanso offline, ndipo offline imachotsa plugin mu RAM koma n'kusunga mmene munaikonzera, zomwe zimapulumutsa kwambiri pa makina a 4 GB. FL Studio ili ndi smart disable, imene imagoneka plugin pamene palibe mawu akudutsamo. Mungaiyatse pa onse nthawi imodzi kudzera ku Tools, Macros, "Switch smart disable for all plugins". Mukatero mumvetsere michira ya delay ndi reverb zazitali, chifukwa ma plugin ena amadulidwa asanamalize.

Poyerekeza ndi bypass, voliyumu ikhale yofanana mbali zonse ziwiri. Khutu limakonda chokwera, ndipo plugin yongowonjezera 1 dB imamveka ngati yachita zodabwitsa.

Freeze imapita patali kuposa zonsezi. Pulogalamu imajambula tchanelo chonse pamodzi ndi ma plugin ake kukhala fayilo ya mawu, n'kuwazimitsa, ndipo mukafuna kusintha mumasungunula. Cubase, Pro Tools, Reaper, Logic ndi Ableton zonse zili nayo. Mu Cubase ma insert a post-fader salowa mu freeze, komanso muonjezere tail size ngati pali delay, kuti mchira usaduke. FL Studio imayenda njira ina: musankhe ma clip mu playlist n'kudinda Ctrl, Alt ndi C kuti asanduke fayilo ya mawu, kenako muzimitse nokha zoyambirira zija. Mtengo wa freeze ndi malo pa disiki. Mphindi imodzi ya stereo pa 24-bit ndi 44.1 kHz imadya pafupifupi 16 MB, ndiye nyimbo ya mphindi 5 ya matchanelo 30 a stereo ikuyandikira 2.4 GB. Pa hard disk yakale yozungulira, mafayilo ochuluka chonchi nawonso amatha kuyambitsa kudukiza, ndipo kugula SSD kumathandiza kuposa kusaka plugin ina yatsopano. Yambani ndi kuumitsa zodya kwambiri: ma piano ndi zida za zingwe za mu plugin ya Kontakt, ma amp a gitala, ndi tchanelo cha wotsogolera mukamaliza kuwongola kiyi.

Pali vuto lina limene silioneka pa mita ya CPU. Ma plugin ena, makamaka EQ za linear phase, ma limiter a lookahead ndi zochotsa phokoso, amasunga mawu kwa kanthawi asanawatulutse. Pulogalamu imachedwetsa matchanelo ena onse kuti ayendere limodzi, ndipo pomikisa simuzindikira. Koma woimba akavala mahedifoni amadzimva mochedwa, n'kuyamba kuimba motsalira. Buffer (kagawo ka mawu kamene kompyuta imasonkhanitsa isanakatulutse) ya 128 pa 44.1 kHz ndi pafupifupi 3 ms, ya 256 ndi 6 ms, ya 1024 ndi 23 ms, ndipo limiter imodzi ya pa master imawonjezera yake pamwamba pa zimenezo. Pojambula, buffer ikhale 128 kapena 256 ndipo pa master pasakhale zolemera. Pomikisa ikwezeni pa 1024 kuti makina apume. Bypass siichotsa kuchedwaku mu Cubase, ndipo mu Ableton ngakhale kuzimitsa device sikuchotsa. Cubase ili ndi Constrain Delay Compensation, Logic ili ndi Low Latency Mode, zonse zimazimitsa kwa kanthawi ma plugin ochedwetsawo. Amene ali ndi interface (kabokosi kolumikiza maiki ku kompyuta) ya direct monitor, yomvera mawu asanalowe mu kompyuta, monga Focusrite Scarlett kapena Behringer UMC, angoyatsa imeneyo n'kutseka monitor ya mu pulogalamu kuti woimba asadzimve kawiri.

Kugwira makombero ambiri ndi dzanja limodzi

Ma plugin akakhala m'malo mwake, chotsala ndi kuwafikira msanga. Ableton imalola kumanga ma plugin angapo mu Audio Effect Rack ndi Ctrl ndi G, n'kulumikiza makombero ofunika ku ma macro (makombero olamulira anzawo), amene anali 8 ndipo kuyambira pa Live 11 amafika 16. Cubase ili ndi Quick Controls 8 pa track iliyonse. Reaper imatulutsa mkombero uliwonse wa plugin kuti uzioneka pa track penipeni. Mu FL Studio ntchitoyi ndi ya Patcher, imene imanyamula ma plugin ambiri pa malo amodzi a insert, koma kuikonza kumatenga nthawi ndipo n'koyenera pa unyolo umene muziugwiritsa ntchito mobwerezabwereza. Pa mawu a woimba, makombero anayi amakwana: threshold ya compressor (msinkhu umene imayambira kupanikiza), kuchuluka kwa de-esser, kuwala kwa pamwamba, ndi send ya reverb.

Posintha matchanelo ambiri nthawi imodzi, Q-Link ya Cubase komanso kugwira Alt ndi Shift mu Pro Tools zimachita pa onse amene mwasankha. Muzikumbukira kuzimitsa Q-Link mukamaliza, apo ayi mudzapeza EQ ya tena yasinthanso ma aluto.

Pa automation (kulemberatu mmene mkombero uzisinthira wokha nyimbo ikamayenda) mu FL Studio, plugin yobwera ndi pulogalamuyo mumangodinda mkombero ndi batani lamanja n'kusankha "Create automation clip". Ya kampani ina, muugwedeze kaye mkomberowo, kenako mupite ku Tools, Last tweaked. Mkombero umene uli ndi automation sumveranso dzanja: mukausintha, umabwerera pomwe unali nyimbo ikangoyamba. Ndi bwinonso kulemba automation ya voliyumu pa plugin ya gain yoikidwa kumapeto kwa ma insert, kuti fader itsale yomasuka.

Nyimbo ikamapita ku situdiyo ina

Unyolo umene wakhala bwino usungeni: FX Chain mu Cubase, Reaper ndi Studio One, kapena "Save mixer track state as" mu FL Studio. Koma preset imasunga manambala, siimamva woimba. Threshold yoikidwira bambo wa mawu aakulu siigwira mtsikana woimba motsitsa, ndiye mukaitsegula yambani mwakonza gain ndi threshold.

Nyimbo zambiri zimajambulidwa ku Mzuzu n'kukamikisidwa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo pulojekiti siinyamula ma plugin ake. Zipped loop package ya FL Studio ndi Back up Project ya Cubase zimatenga mafayilo a mawu, koma plugin imene kulibe uko imangosowa. Ngakhale ikhalepo, ngati inu munagwiritsa mtundu wakale wa VST2 koma a situdiyoyo ali ndi watsopano wa VST3 wokha, pulogalamu imatha kuiona ngati plugin ina. Ma plugin akale a 32-bit satseguka mu Cubase kuyambira pa 9, kapena mu Ableton kuyambira pa Live 10. FL Studio ndi Reaper zimawatsegulabe kudzera pa bridge, kapulogalamu kowalumikiza, imene imawonjezera katundu pa kompyuta. Ma plugin a crack ndi amene amakonda kugwetsa pulojekiti pa makina a munthu wina, pamene obwera ndi pulogalamu nthawi zambiri amatseguka kumene kuli pulogalamuyo.

Chotetezeka ndi kutumiza ma stem (tchanelo chilichonse m'fayilo yakeyake) a WAV pa 24-bit, onse oyambira pa bar yoyamba, m'mafoda awiri: ina ya mawu opanda plugin kupatula chowongola kiyi, ina ya mmene inu munamikisira kuti womikisa wa ukoyo amve kumene mumalowera. Reverb ndi delay zitumizidwe ngati ma stem apadera. Mu FL Studio muyatse "Split mixer tracks" potulutsa, ndipo muzimitse limiter ya pa master musanayambe. Popeza magetsi amatha kuzima ntchito ili pakati, autosave ikhale pa mphindi 5 kapena 10, ndipo musanachite render (kusandutsa tchanelo kukhala fayilo ya mawu) yochotseratu ma plugin musunge pulojekitiyo pa dzina latsopano, yakaleyo ikhale pa flash kapena disiki ina.